Kuntchito akuti achepetsa anthu: tikonzekere bwanji?

Wa ku Linga:

Moni nonse. Ndili kuno ku Nkhotakota, ndimagwira ntchito pa kampani ina yaikulu, dzina ndisatchule. Mwezi watha akuluakulu anatiitanitsa n'kutiuza kuti malonda sakuyenda ndipo ena tichotsedwa. Tsiku sananene, chiwerengero sananene. Kuyambira pamenepo ndi mphekesera zokhazokha, munthu akangoitanidwa ku ofesi ya HR, yoona za antchito, tonse mitima phaa.

Ndagwirapo zaka 8 ndi miyezi 7, masiku 6 pa sabata. Malipiro anga ndi K208,000 pamwezi, kuwonjezapo K52,000 ya nyumba. Ndili ndi ngongole ku SACCO komanso ana atatu pasukulu. Anzanga ena akuti bola tisiye tokha tisanachotsedwe kuti mbiri isaipe, ena akuti tinyanyale ntchito. Mlamu wanga ali pa kampani yomweyi koma amalembedwa nyengo ndi nyengo, iye akuti sayembekezera kalikonse. Odziwa zinthuzi, tiuzeni: lamulo likuti chiyani, ndipo panopa tizichita chiyani pamene kalata sinafike?

Nabanda:

Achimwene a ku Linga, pepani ndi nkhawa imeneyi. Ndiyambe ndi chimene chingakupwetekeni koposa: musalembe kalata yosiya ntchito. Employment Act ya 2000, yomwe ndi lamulo la zantchito, monga inasinthidwira mu 2010, imati severance allowance, ndalama yomwe bwana amapereka ntchito ikatha potengera zaka zomwe munthu wagwira, amalandira munthu amene wachotsedwa chifukwa kampani ikuchepetsa antchito, ikusintha kayendetsedwe kake kapena ili pa mavuto a zachuma, komanso amene wachotsedwa mopanda chilungamo. Wosiya yekha salandira. Za mbiri musade nazo nkhawa, kuchotsedwa pochepetsa antchito si mlandu. Bwana wina akakukokerani pambali kuti "ingolembani yosiya, tikuonani bwino," muuzeni mwaulemu kuti zomwe akulonjezazo akulembereni papepala la kampani.

Tsopano masamu ake. Lamulo limawerenga zaka zathunthu zokha, motere: chaka choyamba mpaka chachisanu, malipiro a masabata awiri pa chaka chilichonse, chaka cha 6 mpaka cha 10, masabata atatu pa chaka, kuyambira chaka cha 11, masabata anayi pa chaka. Inu muli ndi zaka 8 zathunthu. Zisanu zoyambirira zikupatsani masabata 10, zitatu zotsatira masabata 9, onse pamodzi 19.

Malipiro a sabata mumawapeza pochulukitsa a pamwezi ndi 12 kenako n'kugawa ndi 52. Apa ndi pamene ambiri amaluzira, chifukwa powerengera severance ndalama ya nyumba imalowa nawo m'malipiro, si basic yokha ayi. Zanu ndi K208,000 kuphatikiza K52,000, zikwana K260,000 pamwezi, kutanthauza K60,000 pa sabata. Masabata 19 ndi K1,140,000. Akawerengera basic yokha mulandira K912,000, ndiye kuti K228,000 yapita osadziwa. Muyang'anenso tsiku limene alembe kuti ntchito yatha. Mwatsala ndi miyezi isanu kuti chaka cha 9 chikwane, ndipo chikakwana mukadali pantchito ndi masabata ena atatu, K180,000.

Zimenezi ndi zochepetsetsa zomwe lamulo limalola. Ngati kontirakiti yanu kapena mgwirizano wa kampani ndi yuniyoni ukupereka zoposa apa, mulandire zapamwambazo.

Kupatula severance palinso zina zitatu. Choyamba notisi: wolandira malipiro pamwezi ayenera kuuzidwa kutatsala mwezi umodzi, apo ayi alipidwe malipiro a mwezi m'malo mwa notisiyo. Chachiwiri masiku a tchuthi omwe simunapume. Wogwira masiku 6 pa sabata ali ndi masiku 18 pachaka, wa masiku 5 ali ndi 15. Pitani ku HR sabata ino mukafunse kuti mwatsala ndi masiku angati ndipo akulembereni, chifukwa mkangano wa masiku a tchuthi umavuta kuutsata munthu utatuluka kale pageti. Chachitatu ndi malipiro a masiku omwe mwagwira mwezi womalizawo, ndi ovataimu ngati ilipo. Lamulo limati malipiro omaliza aperekedwe pasanathe masiku 7 ntchito itatha. Muitanitsenso satifiketi yosonyeza kuti munagwira nawo ntchito: imalemba nthawi yomwe mwakhala, udindo wanu, malipiro omaliza, ndiponso chifukwa chochotsedwera ngati mwapempha. Pemphani chifukwacho chilembedwe, chidzakuyankhulirani pofunsira ntchito kwina.

Tsiku lolandira, adzakupatsani pepala loti musaine. Musalole chiwerengero chimodzi chokha cha ndalama zonse. Chilichonse chikhale pa mzere wake, severance payokha, notisi payokha, tchuthi pachokha, msonkho ndi ngongole zomwe adula pazokha. Mukaona mawu onena kuti mwalandira zonse ndipo simudzadandaulanso, pemphani mupite nalo kunyumba mukaliwerenge ndi munthu wodziwa. Anthu amasaina ali chiimire, maso ali pa ndalama, n'kudzazindikira pakatha sabata.

Ngati simukukhutira, muli ndi miyezi itatu yokadandaula ku ofesi ya zantchito ya pa boma, ku leba monga timanenera. Mkulu wa kumeneko amaitana mbali zonse ziwiri. Zikakanika nkhani imapita ku Industrial Relations Court, khoti ya milandu ya zantchito, ndipo ya kufupi ndi Nkhotakota ndi Salima ili ku Lilongwe. Miyezi itatuyo musaiseweretse podikira malonjezo a pafoni.

Phiri wa pa Dwangwa:

Mayi Nabanda afotokoza bwino. Ine ndikhudze za mlamu wanu ndi za kunyanyala.

Mlamu wanu asataye mtima msanga. Kuno kwathu, kumene anthu ambiri amalembedwa nyengo yodula nzimbe ikayamba cha mu Epulo n'kuimitsidwa mvula ikayandikira, lamulo lili ndi gawo lake la anthu otere, gawo 43 la Employment Act. Limati munthu akalembedwa ndi bwana mmodzi nyengo zotsatizana, nthawi yonse yomwe wagwiradi ntchito imaphatikizidwa n'kutengedwa ngati wagwira mosalekeza. Wogwira miyezi 8 pachaka kwa nyengo 6 zotsatizana ali ndi miyezi 48, zomwe ndi zaka 4. Vuto limakhala umboni. Makontirakiti a chaka chilichonse, mapesilipi, khadi la kuntchito, nambala yake ya pantchito ngati sinasinthe, zonse azisonkhanitse. Afunsitsenso kuti anamulemba ndani kwenikweni, kampani yaikuluyo kapena kontirakitala amene amabweretsa anthu, chifukwa dandaulo limapita kwa amene dzina lake lili pa kontirakiti. Palinso anthu omwe amasainitsidwa makontirakiti a miyezi itatu itatu pa ntchito yomwe ndi yokhazikika chaka chonse. Lamulo lomweli limati kontirakiti yotere imatengedwa ngati yopanda malire a nthawi.

Za kunyanyala, chonde dekhani. Labour Relations Act ya 1996 ili ndi njira yake: mkangano umakanenedwa kaye ku unduna wa zantchito, pakhale kuyanjanitsa, zikalephereka m'pamene mumapereka chidziwitso cha masiku 7. Mukangodzuka m'mawa n'kutseka geti, mwapatsa kampani chifukwa chokuchotserani ngati olakwa, ndipo wochotsedwa chifukwa cha mlandu salandira notisi kapena severance. Nthawi ngati ino ndi imene munthu ayenera kusamala kwambiri ndi tizinthu ting'onoting'ono. Kujomba osapempha, kufika utanunkha mowa, kutuluka ndi kabotolo ka dizilo kapena kachingwe ka waya m'chikwama, zomwe kale ankangokudzudzula nazo, lero zikhoza kukuchotsetsa wopanda kanthu pambuyo pa zaka 8. Mukaitanidwa kukayankha mlandu uliwonse, pemphani kalata yofotokoza mlanduwo ndipo mupite ndi woimira yuniyoni kapena mnzanu wa pantchito.

Mphamvu yanu igwiritseni ntchito pa tebulo. Dziko la Malawi linavomereza mu 1986 pangano nambala 158 la ILO, bungwe loona za antchito padziko lonse. Panganoli limati bwana wofuna kuchotsa anthu pa zifukwa za chuma adziwitse oimira antchito nthawi ikadalipo ndipo akambirane nawo. Lamulo lathu limatinso ndi udindo wa bwana kusonyeza chifukwa chochotsera munthu, komanso kuti wachita mwachilungamo. Ndiye uzani a yuniyoni yanu, kapena ngati palibe sankhani anthu anayi kapena asanu, alembe kalata yofunsa zinthu zenizeni: achotsedwa anthu angati, m'magawo ati, liti, ndipo asankhidwa potengera chiyani. Funso lomalizali ndiye lofunika kwambiri. Njira yodziwika ndi yoti amene analowa pambuyo ndiye ayambe kutuluka, kapena kuona luso lomwe likufunikabe. Njira ikapanda kulembedwa, mndandanda umadzaza ndi anthu omwe anayambanapo ndi kapitawo. Kukhala membala wa yuniyoni, kukhala woyembekezera, mtundu kapena chipembedzo si zifukwa zololedwa zochotsera munthu.

Funsaninso ngati kampani yaganizirapo njira zina: kuimitsa ovataimu, kusiya kulemba anthu atsopano, kusamutsa anthu kupita ku magawo ena, kapena kuyamba ndi odzipereka okha. Za odzipereka mumvetsetse. Kudzipereka kuti uchotsedwe pa ndondomeko yolembedwa n'kosiyana ndi kusiya ntchito. Ngati muli nako chidwi, onani kaye pepala la ndondomekoyo ndipo muyerekeze ndi masamu omwe mayi aja akupatsani. Pa msonkhano uliwonse wina azilemba zomwe zanenedwa, tsiku ndi mayina a omwe analipo.

Amene anavulalapo pantchito, kaya chala, msana kapena diso, nkhani ya chipepeso aitsate panopa. Aonetsetse kuti ngoziyo inalembedwa, inakanenedwa ku leba ndipo ali ndi kalata ya dokotala.

Wa ku Linga:

Zikomo kwambiri mayi ndi bambo, ndaona kuti ndinatsala pang'ono kulakwitsa. Nanga penshoni yathu zimatha bwanji? Ndipo ngongole ya ku SACCO adzadula yonse pa ndalama zomalizazo?

Mai a Tadala, Salima:

Penshoni ndi yanu, siitha chifukwa ntchito yatha, ndipo ndi yosiyana ndi severance. Wina asakuuzeni kuti poti muli ndi penshoni ndiye severance palibe. Lamulo limati bwana aziika 10 peresenti ndipo inu muzidulidwa 5 peresenti ya malipiro, n'kutumiza ku kampani yosunga penshoni mwezi ndi mwezi. Chimene chimachitika makampani akayamba kuvutika n'chakuti pa pesilipi amadula ndithu koma ndalama osatumiza. Ndiye pemphani sitetimenti kuchokera ku kampani yosunga penshoniyo, osati ya ku HR, muiyale pambali pa mapesilipi anu n'kuona mwezi ndi mwezi ngati zikugwirizana. Mukapeza miyezi yopanda kanthu, lembani kalata ku kampani, ndipo ngati sizikusintha kadandauleni kwa Registrar of Financial Institutions ku Reserve Bank of Malawi, amene amayang'anira za penshoni. Onaninso ngati dzina, tsiku lobadwa ndi nambala ya chiphaso cha unzika zili zofanana m'mabuku awo. Chilembo chimodzi chosiyana chimayendetsa munthu miyezi.

Pension Act ya 2023 inachepetsa nthawi yodikira: munthu amene ntchito yamuthera ndipo sanapeze ina akhoza kupempha gawo la ndalama zake pakatha miyezi itatu, pomwe kale inali 6. Si ndalama zonse, zina zimatsala mpaka nthawi yopuma. Pa bajeti yanu musaiwerengere ngati ndalama ya mwezi woyamba, ndipo ngati mungathe kupirira osaikhudza, isiyeni.

Za SACCO, yankho lili mu fomu yomwe munasaina potenga ngongole. Mafomu ambiri amapereka chilolezo chodula ngongole yotsala pa ndalama zomaliza, ndipo zikapanda kukwana amatenga masheya anu kenako n'kutsata omwe anakusainirani ngati mboni. Pitani mukafunse zinthu zitatu: ngongole yatsala zingati lero, masheya ndi ndalama zosunga zilipo zingati, ndipo mungapitirize umembala ntchito itatha kapena ayi. Ngati masheya ali pafupi kufanana ndi ngongole, pemphani athane nazo pogwiritsa ntchito masheyawo kuti severance ituluke yathunthu. Kumbukiraninso anthu omwe inuyo munawasainira, chifukwa akachotsedwa n'kulephera kubweza, akubwera kwa inu. Kuyambira lero musasainirenso munthu, ndipo musatenge ngongole yatsopano. Pali maganizo oti "nditengeretu ngongole yaikulu ndisanachotsedwe." Imeneyo imadya severance yonse tsiku limodzi. Katapila ndiye musayandikire n'komwe.

Kunyumba khalani pansi ndi mayi, kope lili patsogolo. Lembani ndalama zomwe sizingalephereke pamwezi: chakudya, lendi, fizi, mankhwala, magetsi, madzi. Gawani ndalama zomwe mukuyembekeza ndi chiwerengero chimenecho. Mwachitsanzo, severance ya K1,140,000 ndi notisi ya K260,000 ndi K1,400,000 msonkho ndi ngongole zisanachotsedwe. Ngati pakhomo pamafunika K200,000 pamwezi, ndi miyezi 7 yokha. Kuiona nambala imeneyi papepala kumathandiza, chifukwa miliyoni ikalowa mu akaunti imaoneka ngati siidzatha.

Malipiro akadalipo, gulani chakudya. Chimanga ndi mpunga zimatsika mtengo nthawi yokolola, Meyi mpaka Julayi, n'kukwera kwambiri kuyambira Disembala mpaka Febuluwale. Mayi akuuzani kuti thumba la makilogalamu 50 limatha masiku angati pakhomo panu, werengerani matumba ofika nawo kukolola kwina. Chimanga chikhale chouma bwino, chothira mankhwala a anankafumbwe kapena chosungidwa m'matumba osalowa mpweya a PICS, ndipo matumbawo asanjikidwe pa matabwa, asagunde pansi kapena khoma, poti kuno kunyanja chinyontho n'chambiri. Ndalama zomaliza zikangotuluka, lipiranitu fizi ya matemu awiri tsiku lomwelo, musanauze aliyense kuti mwalandira.

Okhala m'nyumba za kampani afunse panopa kuti adzapatsidwa masiku angati osamuka komanso ngati kampani idzapereka galimoto yonyamula katundu. Zimenezi zilowe m'kalata ija a Phiri anena. Mwana wa Sitandade 8 kapena Fomu 4 asasamutsidwe pakati pa chaka ngati pali wachibale woti angamusunge mpaka alembe mayeso.

Achimwene a Senga Bay:

Ndiwonjezere za ntchito ina ndi bizinesi, chifukwa ndalama za anthu ambiri zimathera apa.

Yambani kufunafuna ntchito mukadali pantchito, mwakachetechete komanso pa nthawi yanu, osati ya kampani. Amisiri ambiri, owotcherera, a zamagetsi, okonza mapampu ndi mathirakitala, luso ali nalo koma pepala alibe. TEVETA, yomwe imaona za maphunziro a ntchito zamanja, ili ndi njira yoyesa munthu luso lomwe anaphunzirira pantchito n'kumupatsa satifiketi, kafunseni ku Salima Technical College kapena ku ofesi ya zantchito. Madalaivala aone tsiku lomwe laisensi ndi chilolezo choyendetsera galimoto zonyamula anthu kapena katundu zikutha, akonzetse malipiro akadalipo. Pemphani kalata ya umboni kwa kapitawo amene amakudziwani bwino lero lino, chifukwa mwina nayenso ali pa mndandanda womwewo. Masatifiketi a maphunziro omwe kampani inakutumizani, mwina ali mu fayilo yanu ku HR, tenganiko makope. Mapepala onse muwajambule pafoni n'kutumiza kwa wachibale wodalirika.

Pa bizinesi, cholakwika chachikulu n'chakuti anthu 200 akachotsedwa tsiku limodzi, onse amaganiza chinthu chimodzi: njinga yamoto ya kabaza, golosale, kapena kuwoda usipa. Pamene akutsegula magolosalewo, makasitomala awo ndi anzawo omwe ntchito yawathera. Njinga ya kabaza yopatsa mnyamata imafuna laisensi, inshuwalansi, oyilo, matayala ndi tcheni, ndipo tsiku limene yagwidwa kapena yachita ngozi ndalama sizilowa. Ngati simuyendetsa nokha, lingalirani kawiri.

Mpunga wa kilombero wa ku Bua kapena ku Lifuwu uli ndi msika ku Lilongwe, koma masamu ake muwadziwe. Mpunga wosapuntha ukapita kuchigayo umataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu kukhala mankhusu ndi madeya, ndiye thumba la makilogalamu 50 likupatsani makilogalamu 30 ndi pang'ono. Ukakhala wouma mopitirira muyeso umasweka, ndipo wosweka mtengo wake ndi wotsika. Gulani pa sikelo osati pa ndowa, puntsitsani thumba limodzi kaye muone zotuluka, muwerengere chigayo, matumba, onyamula ndi thiransipoti musanagule matumba 20. Bizinesi iliyonse iyambeni ndi ndalama yosaposa gawo limodzi mwa magawo anayi a zomwe mwalandira, ndipo ngati n'kotheka iyeseni panopa pa masiku opuma pamene malipiro akubwerabe. Wina akabwera ndi nkhani yoti mupereke ndalama kuti akupezereni ntchito ku kampani ina kapena kunja, ameneyo ndi wakuba.

Namwino wa pa boma:

Ndaona kuti mwatchula za mtima kugunda wina akaitanidwa ku HR. Kudikira chinthu chosadziwika tsiku kumadwalitsa, nthawi zina kuposa kalata yeniyeniyo. Zizindikiro zake ndi kusowa tulo, mutu wosatha, kupsa mtima ndi ana pa zinthu zazing'ono, kusafuna kudya, ndi kuyamba kudutsira ku bala tsiku lililonse. Kayezetseni BP, sizitenga mphindi zisanu. Ikapezeka pa 140/90 kapena kuposa pa masiku osiyana, muonane ndi dokotala. Ogwira ntchito pa makina, oyendetsa mathirakitala ndi a shifiti ya usiku asamale kwambiri, chifukwa munthu wosagona ndi amene amalowetsa dzanja pa lamba.

Akunyumba auzeni zoona lero, musadikire kalata. Mayi amaona kale kuti bambo sakumaliza nsima ndipo akutembenuka usiku wonse, ndiye mukabisa amaganiza zina. Ana akuluakulu auzeni mwachidule kuti kuntchito kuli zovuta ndipo zina zichepa pakhomo, koma sukulu ipitirira. Magulu a WhatsApp a kuntchito omwe akuzungulitsa mindandanda yopanda siginecha, atsekeni mawu usiku.

Mnzanu akayamba kulankhula zoti bola kufa, kugawa katundu wake kapena kudzipatula, musamuseke ndipo musamusiye yekha. Mufunseni mwachindunji ngati akuganiza zodzipha, kufunsa sikumupatsa maganizowo. Chotsani mankhwala a mbewu ndi a makoswe m'nyumba, uzani wachibale, abusa kapena shehe amene amamukhulupirira, ndipo mupite naye ku chipatala cha boma, kuli ogwira ntchito za matenda a maganizo.

Onse amene amalandira mankhwala a nthawi yaitali ku kiliniki ya kampani, ma ARV, a BP, a shuga, a khunyu kapena a TB, apemphe kalata yowasamutsira ku chipatala chomwe adzakhale nacho pafupi, atenge buku lawo la kuchipatala ndi mankhwala okwanira mwezi umodzi kapena kuposa. Amene ali pa sikimu ya zachipatala yolipiridwa ndi kampani afunse tsiku lenileni lomwe khadi lidzasiye kugwira ntchito, ndipo ngati pali dzino lofunika kuchotsa, magalasi a mwana kapena sikelo ya mayi woyembekezera, apite sabata ino.